Anandilira Maliro Ndikali Moyo

Moni kwa inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a m'midzi ya kuno kufupi ndi mapiri a Mphangwe, ndi inu akutali amene mawu awa adzakupezani. Ine ndine Tomasi Mwale, mlimi wa chimanga ndi mtedza monga ambiri a inu. Aphunzitsi athu akhala akundiuza kuti zimene ndimakamba pakamwa ndizilembe, pakuti alipo ena amene ali m'masautso ndipo sangathe kufika kumene ndili. Tsoka langa linali lachilendo. Anthu a kwathu anandilira maliro ndikali moyo, ndipo pamene ndinabwerera anakana kuti ndine munthu. Ndifuna ndikuuzeni mmene Mulungu ananditulutsira m'menemo.

Kale dzina langa linali Chimwala. Ndinali pa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, kwa mkazi wanga Naphiri, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona, amene anali atangoyamba kuyenda. Sukulu inali itafika m'mudzimo, kanyumba ka mitengo ndi udzu komwenso tinali kupemphereramo. Ine ndinkapita ku kalasi, koma chimene ndinkafuna kwenikweni chinali kudziwa zilembo. Nkhani za m'Buku zinkangondidutsa m'makutu.

Itabuka nkhondo ya azungu ndi Ajeremani, amesenjala a ku Boma anabwera kudzatenga amuna oti akakhale amtengatenga. Ananditenga pamodzi ndi mnzanga wa m'mudzi momwemo, dzina lake Kachingwe. Tinasenza mabokosi kulowera kumpoto, kutsika m'chigwa chotentha cha Malambo ndi kukweranso mapiri a tsidya lija. Nkhata sinathandize. Pamutu panatupa, ndipo pamene tinasinthira pa mapewa, mapewa ananyuka mpaka mnofu kuonekera. Kenaka kamwazi analowa pakati pathu. Tsiku lina miyendo inangondikana, ndinagwa m'mbali mwa njira, ndipo kapitawo anapatsa wina katundu wanga. Kachingwe anandikokera pansi pa mtengo, nandifunditsa nsalu. Akuti anandiitana osayankha, maso atatembenuka, thupi litazizira. Sindimuimba mlandu mnzangayo. Atabwerera kumudzi ananena zimene maso ake anaona.

Amene ananditola anali akazi a mtundu wina amene ankapita kukatunga madzi. Chinenero chawo sindinkachimva, komabe anandisunga m'mudzi mwawo, nandimwetsa phala ndi mankhwala a mizu. Ndinadwala nthawi yaitali. Tsitsi linasosoka lonse, ndipo mawu anandithera kukhosi, kotero kuti ndikafuna kulankhula ndinkangonong'ona. Mphamvu zitayamba kubwerera, kunagwa chimfine chija chimene nonse mukuchikumbukira, chimene chinasesa anthu m'midzi yonse. Palibe mudzi umene unkalola mlendo kudutsa. Motero mvula inagwa ndi kukata, inagwanso ndi kukata, ine ndili kwa eni. Njira zitatseguka ndinanyamuka, ndodo m'manja, mtima uli pa mkazi wanga ndi mwana wanga. M'njira yonse ndinkaganiza mmene adzaimbire nthungululu pondiona.

Ndinalowa m'mudzi dzuwa lili paliwombo. Choyamba ndinafuna nyumba yanga, koma pamalo pake panali thengo, pakuti anali ataigwetsa monga timachitira ndi nyumba ya womwalira. Akazi anali pamtondo, ndipo pakati pawo ndinaona Naphiri, ali ndi khanda kumbuyo. Anandiyang'ana, munsi unagwa m'manja mwake, ndipo anakuwa kukuwa kumene sindidzakuiwala. Akazi onse anabalalika, ana analowa m'nyumba, zitseko zinatsekedwa. Amuna anatuluka ndi nkhwangwa ndi mauta, naima patali. Ena anatapa dothi ndi phulusa nandiwaza, kuti aone ngati ndizimiririka. Sindinazimiririke, koma palibe anasendera.

Mlamu wanga, mlongo wake wa Naphiri, ndiye analankhula. Anati: "Chimwala tinamulira, tinameta, ndipo mowa wa maliro ake tinamwa. Iwe ndiwe yani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine ndemwe, koma panangotuluka kamphepo. Pomwepo wina anafuula kuti ndi ndondocha, munthu wakufa amene mfiti yamudzutsa ndi kumudula lilime kuti aziigwirira ntchito. Mawu amenewo anandikakamira. Ndikaganiza lero, sindidabwa kwambiri. Ndinali mafupa okhaokha, mutu wopanda tsitsi, nsanza m'chiuno, ndipo anthuwo anali atangoika abale awo ambiri m'manda. Mantha anali atawadzaza kale ine ndisanafike.

Ndinati ndipite kwa amayi anga, kumudzi kwathu cha ku Sinda, pakuti mayi sasokonezeka pa mwana wake. Koma mbiri inali itanditsogolera. Atsibweni anga anandichingamira kunja kwa mudzi, naima kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti amayi anapita ndi chimfine. Atsibweni anaika mbatata pa tsamba, pansi, nabwerera chafutambuyo. Anati: "Ngati ndiwe mwana wa mlongo wanga, tichitire chifundo, usalowe. Tatsala owerengeka." Ndinatola mbatatazo ndi kutembenuka. Ngakhale kulira amayi anga pakhomo pawo sindinaloledwe.

Ndinabwerera kufupi ndi mudzi wa mkazi wanga, chifukwa kumeneko kunali mwana wanga. Ndinamanga msasa kutsidya kwa mtsinje, pa dimba limene eni ake analisiya. Ndinkaganiza kuti akandiona masiku angapo ndikutola nkhuni ndi kusonkha moto, mantha adzatha okha. Koma posakhalitsa mwana wina m'mudzimo anatentha thupi namwalira, ndipo onse anati ndine ndabwera kudzatenga anthu. Akazi anasintha potungira madzi. Kanjira kobwera ku dimbalo kanamera udzu. Osaka akandiona patali ankalavula malovu ndi kukhota.

Abale anga, njala ndinaidziwa kunkhondo, ndipo ululu wa zilonda ndinaudziwa, koma kusungulumwa kumaposa zonsezo. Akulu anati kalikokha n'kanyama, ndipo ine ndinasandukadi kanyama. Ndinkadya bowa, mbewa, therere ndi mbatata zomera zokha m'dimbamo. Mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma panalibe woti ndilankhule naye, motero ndinkatchula maina a mitengo kuti ndimve ngati lilime likugwira ntchito. Pafupi ndi msasawo panali chulu chachitali. Ndinkakwera pamenepo ndi kuyang'ana kumudzi, kufunafuna Ndaziona pakati pa ana osewera. Anali atakula, akusenza kale kamtsuko. Tsiku lina anayang'ana kumene ndinali, ndipo ndinakweza dzanja. Mkazi wina anamugwira mutu namutembenuza.

Kuchokera pachulu pomwepo ndinkaonanso mwamuna amene analowa m'malo mwanga. Anali Eliya Banda, wa mudzi wina, amene anakwatira Naphiri atamusudzula abale anga, ndipo khanda lija linali lake. Ndinkamuona akupita kumunda ndi khasu paphewa, mwana wanga akumutsata pambuyo. Mtima wanga unkawawa ndikamuona. Ndinkati mwa anthu onse a m'mudzimo, ameneyu ndiye akukondwa kuti ndikhale wakufa.

Choipa koposa chinadza pambuyo pake. Anthu onse akamanena chinthu chimodzi, munthu umayamba kuwakhulupirira. Ndinayamba kudzifunsa ngati sindinafedi pansi pa mtengo uja. Ndinkayang'ana m'matope ngati mapazi anga akusiya zizindikiro. Ndinkadzitsina, koma ndinkati mwina akufa nawonso amamva kutsina. Kumunsi kwa dimbalo kunali dziwe lakuya, ndipo masiku ena ndinkakhala m'mphepete mwake nthawi yaitali, ndikuganiza kuti ngati ndine wakufa kale, palibe chimene ndingataye.

Lamulungu lililonse ndinkamva chitsulo cha kusukulu chikulira, ndipo mphepo ikaloza kwa ine inkabweretsa mawu a anthu akuyimba. Kupemphera sindinkadziwa bwino, pakuti ku kalasi kuja mtima wanga unali pa zilembo. Koma tsiku lina, mvula ili kumapeto, chimanga chitakhwima m'minda ya anthu, ndinagwada m'mphepete mwa dziwe lija ndi kunena mawu ochepa. Ndinati: Mulungu, ngati mulipo ndipo ngati ine ndili moyo, nditumizireni munthu mmodzi woti andikhudze. Sindinapemphe mkazi, sindinapemphe nyumba. Ndinapempha dzanja la munthu basi. Nditanyamuka palibe chinasintha, ndipo masiku anapitanso ali chete.

Ndiye m'mawa wina, mame asanaume, ndinamva udzu ukuphwanyika m'kanjira kaja. Ndinayesa nguluwe, ndipo ndinatenga ndodo. Koma anatulukira a Banda, miyendo ili matope, atagwira kanthu kokulunga m'masamba a nthochi. Anaima chapatali.

Anati: "Odi, a Mwale."

Chibwerere palibe anali atanditchula dzina. Nditayankha, mawu anatuluka osasa: "Lowani."

Anasendera, nakhala pansi, namasula masamba aja. Munali mlamba wootcha. Anati: "Ndabwera kudzaona ngati mudya."

Ndinatenga nsomba ija, ndinaibenthula, ndinadya. Iwo ankangoyang'ana pakhosi panga pamene ndinkameza. Munga unandibaya m'kamwa, ndinautulutsa ndi chala, ndipo panatuluka kamagazi pang'ono. A Banda ataona magaziwo anapuma mpweya waukulu, natambasula dzanja, nagwira phewa langa pa chipsera cha mabokosi. Dzanja lawo linali lofunda. Anati: "Ndinu munthu, a Mwale. Mulungu atikhululukire, ndinu munthu." Ine ndinalira ngati mwana, ndipo iwo sanachotse dzanja mpaka nditatonthola. Kenaka anabenthula nsomba yotsalayo nadya nane pa tsamba limodzi.

Ndinawafunsa chimene chinawabweretsa, ndipo anandifotokozera. Dzulo lake linali Lamulungu lokumbukira kuuka kwa Ambuye Yesu, ndipo aphunzitsi, amene anali atangobwera kumene m'mudzimo, anawerenga nkhani ya ophunzira atadzitsekera m'nyumba. Ambuye anaimirira pakati pawo ali moyo, koma iwo m'malo mokondwa anagwidwa ndi mantha, poyesa kuti akuona mzukwa. Ambuye sanawakalipire n'kuchoka. Anawaonetsa manja ndi mapazi, nawauza kuti amukhudze, popeza mzukwa ulibe mnofu ndi mafupa. Ataona kuti akukayikabe, anawapempha chakudya, ndipo anamupatsa nsomba yootcha, nadya iwo akuona. A Banda anati pamene ankamva zimenezi, nkhope yanga inawaimirira m'maso. Anati ngati anthu amene anayenda ndi Ambuye analakwitsa chotero, kuli bwanji ife. Motero anatchera mono mumtsinje. Anali munthu wosachenjera ndi mawu, ndipo ankaganiza kuti pafunika nsomba yeniyeni monga zinaliri m'Buku, kuti chimanga sichingakwanire.

Ndinawafunsa kuti: "Kodi mukudziwa chimene mwachita? Ngati ine ndili moyo, mkazi amene muli naye ndi wanga."

Anati: "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinachedwa. Ndakhala ndikukuonani pachulu paja, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti mzukwa sukwezera mwana dzanja. Koma ndinali ndi mantha a mtundu wina. Tsono ndikuyembekeza ubatizo, ndipo sindingathe kupita kumadzi pamene munthu wamoyo waikidwa m'manda kuti ine ndikhale pabwino."

Lamulungu lotsatira anabwera kudzanditenga. Tinawoloka mtsinje atandigwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka tinalowa m'sukulu muja. Anthu anathithikana kukhoma, ena anatuluka, akazi anabisa nkhope za ana. Aphunzitsi, amene a Banda anali atawauza kale, anabwera nandipatsa moni wa m'manja onse akuona, nandikhazika pa mpando wa kutsogolo. Anawerenganso nkhani yomwe ija, pang'onopang'ono. Atatha anatulutsa dowe wootcha, nam'thyola pakati, nandipatsa theka, iwo nadya theka. Munali zii, kungomveka kutafuna kwathu. Woyamba kunyamuka anali Kachingwe. Anabwera akulira, nandigwira mutu, mapewa ndi mikono, akungobwereza kuti: "Unali utazizira, Chimwala, unali utazizira." Pambuyo pake anabwera mlamu wanga, kenaka ena. Si onse ayi. Mayi wa mwana amene anamwalira uja anatuluka, ndipo mpaka lero tikakumana panjira amapatuka. Ndimamupempherera, pakuti chisoni chake n'chachikulu.

Mlandu wa ukwati unakambidwa ndi ankhoswe a mbali zonse pamodzi ndi akulu a mpingo, ndipo unali wovuta, pakuti panalibe wolakwa. Ena anati mkazi abwerere kwa mwamuna woyamba. A Banda anati sadzatsutsa chimene chigamulidwe. Ine ndinapempha kuti afunse mwini wake. Naphiri anagwada chapatali, khanda lili pamwendo, ndipo analankhula osandiyang'ana. Anati: "Ndinakulirani mpaka misozi inauma, ndipo ndinavutika kuti mtima uvomere kuti mwapita. Tsono mtimawo sindingathe kuubweza. Ndikakuonani ndimanjenjemera, ngakhale ndikudziwa kuti mulibe chifukwa." Mawu amenewo anandipweteka kuposa phulusa lija. Koma ndinaona kuti akunena zoona, ndipo ndinayang'ana khanda losalakwalo, ndinayang'ananso munthu amene anataya mtendere wake kuti andipulumutse. Ndinamumasula Naphiri pamaso pa onse.

Musaganize kuti zonse zinabwerera monga kale. Mkazi sindinamupezenso, ndipo mpaka pano ndimakhala ndekha m'kanyumba kamene akhristu anandimangira pafupi ndi sukulu. Ndaziona anatenga nthawi kuti azolowere. Poyamba ankabwera atagwira nsalu ya a Banda, osalankhula, ndipo anali a Banda omwewo amene ankamukankha pang'ono ndi kumuuza kuti, pita kwa atate ako. Lero amabwera yekha kudzandisesera pakhomo. Masiku ena, pobwera kumunda ndi kupeza moto utazima, kusungulumwa kumandigwirabe. Koma si kuja kwa kudziwe, pakuti tsopano ndikatuluka panja pali wondipatsa moni.

Ndinabwerera ku kalasi, ulendo uno ndi makutu otseguka, ndipo nditadziwa kuwerenga bwino ndinafunafuna nkhani zonse za mmene Ambuye anaonekera atauka. Ndinadabwa kupeza kuti pafupifupi paliponse anthu ake omwe sanamuzindikire msanga. Mariya wa ku Magadala, akulira pamanda, anamuyesa wosamalira munda, mpaka Ambuye anamutchula dzina. Awiri aja opita ku Emau anayenda naye ulendo wonse akumufotokozera za imfa yake yomwe, ndipo maso awo anatseguka pokhapo pamene ananyema mkate. Ophunzira ali m'ngalawa anamuona pagombe osadziwa kuti ndiye, ndipo iye anali atawasonkhera kale moto ndi kuwaotchera chakudya. Aphunzitsi amatiuza kuti zonsezi zinalembedwa kuti tidziwe kuti Ambuye anauka ndi thupi lenileni, osati monga mizimu ya makolo imene timati imabwera m'maloto, ndipo ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma ndimaonamonso china chimene mwina amachiona yekhayo amene anakanidwapo. Ambuye akudziwa mmene zimawawira kuima pakati pa anthu ako, iwo n'kumabwerera m'mbuyo. Akanatha kuwaopseza ndi ulemerero wake kuti agwe pansi, koma anasankha zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku: dzina la munthu, mkate, nsomba, dzanja. Ndipo zipsera zake sanazifafanize. Anauka nazo, ndipo ndi zimene anthu ake anamudziwira. Kuyambira pamene ndinamvetsa zimenezi, sindichitanso manyazi ndi mapewa anga.

Pa nthawi ya ubatizo wanga kunabwera mlaliki wina woyendera midzi, munthu wabwino ndi wachangu. Atamva nkhani yanga anakondwa, nati dzina langa likhale Lazaro, popeza ndauka kwa akufa. Ndinakana mwaulemu. Ndinati ine sindinafe, ndinangotayika, ndipo si bwino kuti anthu asokoneze za ine ndi za Ambuye. Iye anafadi, anaikidwadi m'manda, ndipo anagonjetsa imfa. Ine ndinangodwala pansi pa mtengo, ndipo imfa yanga ikali kutsogolo. Atandifunsa dzina limene ndikufuna, ndinati Tomasi. Mlalikiyo anadabwa, nati ameneyo ndi wokayika uja, amene anakana kukhulupirira mpaka ataona mabala. Ndinayankha kuti n'zoona, ndipo Ambuye anati odala ndi amene akhulupirira osaona. Komabe ine ndinakhala nyengo yaitali kutsidya kwa mtsinje ndikulakalaka Tomasi mmodzi yekha. Anthu a kwathu sanali okayika, anali otsimikiza kuti ndine wakufa, ndipo chifukwa cha kutsimikizako palibe anabwera kudzaona. Wokayika amene asendera pafupi ndi kutambasula dzanja ali ndi mwayi wopeza choonadi. Mlalikiyo anaseka nati, ukhale Tomasi.

Atsibweni anga anachedwa kuposa onse, koma nawonso anatumiza uthenga kuti ndipite kwathu. Anandilandira pamphasa, tinadya mbale imodzi, ndipo ndinalira amayi anga monga kuyenera. Chaka chathachi kunagwa maliro a mbale wathu wina kumeneko, ndipo tinaperekeza mtembo kumanda. Adzukulu ali mkati mokwirira, atsibweni anandikoka pambali nandionetsa mitumbira iwiri yoyandikana. Anati: "Awa ndi amayi ako. Apa ndi pako." Anandiuza kuti uthenga wa imfa yanga utafika, anakulunga thunthu la nthochi m'mphasa yanga yakale naliika pamenepo, ndipo amayi pomwalira anapempha kuti akagone pafupi ndi mwana wawo. Atsibweni anali ndi manyazi, ndipo anafunsa ngati ndikufuna kuti ausalaze mtumbirawo. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana manda anga, udzu utamera pamwamba, ndipo ndinapeza kuti mumtima mulibe mantha. Ndinati ausiye, malowo andisungire.

Tsono ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosadziwa kupemphera. Ndikuthokoza akazi aja a chinenero china amene sindidzawaonanso, aphunzitsi athu, ndi mbale wanga Eliya Banda, amene lero timakhala pa mpando umodzi m'nyumba ya Mulungu. Inu amene anthu akutayani, kaya chifukwa cha matenda, kaya chifukwa cha mbiri imene yakukakamirani, musathamangire kudziwe. Limbikani, pempherani ngakhale mawu anu ali ochepa, pakuti thandizo likhoza kudzera mwa munthu amene simukumuyembekeza konse. Ndipo inu amene muli pabwino m'mudzi, ngati kutsidya kwa mtsinje wanu kuli munthu amene onse akumuopa, musadikire kuti mantha athe, pitani mukunjenjemera momwemo.

Tsiku lina adzandinyamula kupita ku mtumbira uja, ndipo ulendo umenewo kudzakhaladi kufa. Koma ndikudziwa amene adzabwere kudzandiitana, ndipo iyeyo sadzandiwaza phulusa kapena kufunsa kuti ndine yani. Mtendere wa Ambuye wouka kwa akufa ukhale nanu nonse. Amen.